Khate la Achimwene

Mfuti yoyamba inalira ine ndili pamjigo, ndowa yanga ili yachinayi pamzere. Dzuwa linali litangotuluka. Chaka chimenecho mvula inagwa kawiri n'kuleka, chimanga chili cha m'akakolo, masamba atapotana. Kunyumba amayi anali atatereka mango aawisi, ndipo chakudya cha tsikulo chinali chomwecho. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi amene ankapopa anasiya mkono wa mjigo n'kuyang'ana kumwamba, kuyesa bingu. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Kumadzulo kwa Ulongwe, kuseri kwa kaphiri, kunali kampu. Inu obadwa dzulo simungaidziwe, pano anthu analimapo thonje. M'menemo munkakhala anyamata a boma lakale. Sanali asilikali, sanali apolisi, koma anali ndi mfuti, zikoti ndi jombo. Dzina lawo lenileni sindilitchula, linandiwawa m'kamwa kalekale. Ife tinkangoti a jombo. Ankaima pachipata cha msika n'kumabweza aliyense wopanda khadi ya chipani. Ankalowa m'khola la munthu n'kusankha nkhuku mwini wake akuona. Nkhalamba ikayankha mochedwa ankaidumphitsa ngati chule, akazi ake ndi akamwini ali pomwepo.

Chaka cha chimanga chachikasu, chija tinalandira chifukwa cha chilala, ndiwo ankayang'anira mzere ku Ulongwe. Tinkafola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina ndinamva chizungulire n'kukhala pansi. Mmodzi anandikwapula chikoti pamsana kawiri, ati pamzere sakhala pansi. Bulauzi inang'ambika. Achimwene anga a Laisoni anali chiimire poteropo, mu yunifolomu yomweyo, ndipo anatembenukira kumsewu ngati kukudutsa galimoto. Kumsewuko sikunkadutsa kanthu. Chipseracho ndikadali nacho, chimayabwa kukatentha.

Inde, achimwene anga enieni, bere limodzi, anali a jombo. Analowa bambo atamwalira, poti kukampu ankadya katatu. Mwezi ukatha ankabwera ndi ufa woyera m'kathumba, nthawi zina ndi shuga. Tinkadya. Sindinama, ine ndemwe ndinkanyambita mbale msana ukuwawabe. Anansi ankabwera ndi timbale tawo kuseri kwa nyumba, amayi n'kumawatapirako. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti ufawu wachokera m'nkhokwe ya yani.

Anthu atavota kuti zipani zichuluke, mantha anayamba kutha. Pamsika, pamaliro, m'basi, mawu anali amodzi: a jombo alandidwe mfuti, kampu zitsekedwe. Ine ndinkanena nawo, mokweza kuposa onse. A jombowo mfuti anakana kupereka. Ndiye kunabwera asilikali.

Mfuti italira kachiwiri, bambo wina anadutsa pa njinga akufuula kuti asilikali alowa kukampu. Pamjigo panabuka nthungululu. Azimayi anavula mipango n'kumaikupiza. Wina anagubuduza ndowa yake n'kuyamba kuiimba ngati ng'oma, madzi amene anadikira m'mawa wonse atatayikira pansi. Ine ndinalulutira mpaka kukhosi kunauma. Za achimwene ndinazikumbukira nditamaliza.

Chimwemwe sichinakhalitse. A jombo anathawa kukampu kudzera m'mudzi mwathu, akuwombera cham'mbuyo, asilikali ali pambuyo pawo. Zipolopolo zinayamba kuboola malata a tchalitchi. Ndinasiya ndowa n'kuthamangira m'munda, ndipo ndinadzigwetsa mumkwasa pakati pa mizere iwiri. Chimanga chinali chachifupi, sichikanabisa ndi nkhuku yomwe. Dothi linali lotentha, linandilowa m'kamwa. Pafupi nane panali mbuzi yomangidwa pachikhomo, inkangozungulira mpaka chingwe chinatha, n'kuyambanso kuzungulira mobwerera. Jombo zinadutsa pafupi ndi mutu wanga. Sindinadzutse nkhope kuti ndione kuti ndi za mbali iti.

Kutakhala bata ndinadzuka. Pansi pa mtengo wa mango panali a Nangondo, mnansi wathu, atakhala chotsamira, miyendo atatambasula. Chipolopolo chinawalowa m'ntchafu akuthawa ndi mphika wa nyemba za mbewu. Nyembazo zinali mbwee pamchenga. Magazi ankatuluka mosalekeza, ndipo ana awo aamuna awiri ankamanga chitenje pamwamba pa chitenje. Dzuwa lisanafike pamutu anatsirizika. Chipolopolocho chinali cha asilikali kapena cha a jombo, palibe akudziwa mpaka lero. Ana awo sanavutike n'kufunsa.

Amayi ndinawapeza m'nyumba, atagona pansi kuseri kwa mtondo. Miyendo yawo inali yotupa ndi njala kuyambira mwezi wapitawo, sakanathawa. Sanandifunse za ndowa. Analoza kunja ndi mlomo, kunkhokwe. Nkhokweyo inali yopanda kanthu chaka chachiwiri. Nditasuzumira, ndinaona achimwene atadzipinda pansi pake penipeni, atavala kabudula ndi malaya a malemu bambo. Yunifolomu anali ataiponya m'chimbudzi. Mfuti sindinaione, ndipo sindinafunse.

Kumapeto kwa mudzi kunayamba kufuka utsi. Inali nyumba ya banja lina limene mwana wawo analinso kukampu. Anayatsa ndi ana a Nangondo, ndipo anthu ankawatsatira ndi zibonga, akuwerenga pa zala nyumba za a jombo. Yathu inali yachitatu. Ena mwa iwo timbale tawo ndinkatidziwa.

"Agata," anatero amayi, "tenga mlongo wako upite naye ku Utale kwa malume ako. Musadzere mumsewu."

"Ine iyayi. Awaperekeze anzawo a chikoti."

Amayi sanandikalipire. Anavula chitenje chawo chapamwamba, anamangamo mango asanu, n'kundisenzetsa. Anati mwamuna woyenda yekha tsiku limenelo amupha asanamufunse dzina, koma akakhala ndi mlongo wake amufunsa kaye. Ndinatuluka mtima ukuwawa. Sindinawatsanzike n'komwe.

Tinadzera m'chigwa cha kuseri, m'mabango ouma. Titayenda pang'ono ndinamva phokoso pambuyo panga, gu, gu, gu. Nditacheuka, ha! Munthu wataya yunifolomu koma jombo akadavalabe. Ndinawauza kuti avule. Anati sangathe kuyenda opanda. Ndinati ndiye atsale pomwepo, ine ndibwerere. Anakhala pansi n'kumasula zingwe pang'onopang'ono, ndipo jombozo ndinazikankhira m'dzenje la pachulu. Mapazi awo ndinayamba kuwaona tsiku limenelo. Anali oyera, ofewa ngati a khanda, zikhadabo zowenga bwino. Zaka zitatu anali asanaponde dothi.

Mchenga wa masana unkawotcha. Anga mapazi anali ozolowera, ine ndinkangoyenda. Iwo ankaponda ngati akudutsa pa makala. Dzuwa likupendeka matuza anali atatuluka, ena ataphulika kale, minga italowa m'zilonda. Sanadandaule, ankangoluma mlomo. Ine sindinawamvere chisoni, ndinene zoona. Ndinkati m'mtima, alawe nawo dziko limene ankalipondera pa chikopa. Koma ulendo unkachedwa, choncho ndinang'amba chitenje cha amayi n'kuwakulunga mapazi onse awiri mpaka m'akakolo.

Panali vuto lina. M'chaka chimenecho munthu wonenepa anali ndi mlandu. Tonse tinali mafupa okhaokha, khungu lili mbuu, koma achimwene anali ndi masaya, khosi losalala, tsitsi lometa mwa kukampu. Aliyense akanawadziwa ali patali. Chidutswa chotsala cha chitenje ndinawafunditsa kumutu monga amachitira munthu wodwala malungo, kungosiya maso. Tinagona m'chisakasa cha olondera nyani m'munda wa eni, titadya mango awiri.

M'mawa nsanza zija zinali zitauma gwaa ndi magazi, ntchentche zikutsata. Tinafika pamjigo wa mudzi wina umene sindikuudziwa dzina. Panali mayi mmodzi ndi kamwana, akutsuka ndowa. Ndinapereka moni n'kupempha madzi. Anayankha bwino, anatenga chikho, kenako anafunsa kumene tikupita. Ndinati ku Utale. Mayiyo anayang'ana mapazi a achimwene, anayang'ana kumutu kofundako, anayang'ananso mapazi. Anakokera mwana kumbuyo kwake. Chikho anachibweza m'ndowa. Anatiuza kuti titchere manja, ndipo anatithirira madzi ali chapatali, mkono atautambasula mpaka pomaliza.

Ndinapsa mtima. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati tikununkha. Tili m'njira, mawu ake omaliza ndi amene anandidzidzimutsa. Anati, "Pitani naye msanga, akuti masiku ano mankhwala alipo." Apo m'pamene mutu unatseguka. Ku Utale kuli chipatala cha amishoni cha odwala khate. Chigawo chathu chonse, ukanena kuti munthu wapita ku Utale, sankafunsanso kuti kukatani. Ife tinkangokudziwa ngati kwa amalume.

Ndinaimitsa achimwene pansi pa mlambe. Ndinang'amba m'mphepete mwa siketi yanga n'kuwauza kuti abweretse manja.

"Manja alibe chilonda," anatero.

"Bweretsani."

Atamvetsa chimene ndikufuna anabweza manja kumbuyo. "Ine khate? Chemwali, ine?"

"Sankhani nokha, khate kapena zibonga."

Kenako anatambasula manja. Ndinapinda zala zawo n'kuzikulunga zili chopinda, kuti zioneke zoduka. Ndinapakako magazi a kumapazi. Munthu amene nkhalamba zinkamuvulira chipewa anayamba kulira osatulutsa mawu, misozi ikunyowetsa chitenje. Ine ndinamanga mfundo yomaliza ndi mano.

Kuti tifike ku Utale tinayenera kudumpha msewu wa tala wochoka ku Liwonde kupita ku Balaka. Tinaufika dzuwa lili pamutu. Anthu anali atagoneka mtengo pamsewu, amuna pafupifupi makumi awiri, ndi zibonga ndi mipini ya makasu. Sanali asilikali. Anali alimi ngati ife, nthiti zikuwerengeka. Anali atagwira mnyamata mmodzi. Ankamudumphitsa ngati chule pa tala wotentha, wopanda malaya, akagwa n'kumudzutsa ndi mpini. Azimayi ankaimba m'manja m'mbali mwa msewu. Ndinaima n'kuyang'ana, ndipo ndinamva kukoma. Mulungu andikhululukire, koma ndinamva kukoma. Pambali panga ndinkamva mano a achimwene akugundana m'chitenjemo.

Kubwerera kukanatipereka, choncho tinapita chowongoka. Mnyamata aliyense wodutsa ankamuvula malaya kuona paphewa ngati pali chizindikiro cha lamba wa mfuti, n'kumuyang'ananso mapazi. Bambo wina wamtali, wailesi ili pakhosi, anatiimitsa ndi chibonga.

"Mukupita kuti, chemwali?"

"Ku Utale, bambo."

"Uyu bwanji wafunda? Avule tione."

Ndinagwira mkono wa achimwene n'kuukweza pang'ono kuti aone dzanja. Ntchentche zinauluka n'kuteranso. Bamboyo anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kuponda mnzake. Mawu anayenda m'gulumo monong'ona. Njira inatseguka yokha, yaikulu yoti n'kudutsa ngolo. Palibe anatikhudza, ndi chibonga chomwe.

Titadumpha tala, bambo uja anatiponyera chidutswa cha chinangwa chouma, chinagwera m'fumbi. Anati tilimbe mtima, dziko layera tsopano, a jombo atha. Ine ndinatola chinangwacho n'kuyankha kuti Mulungu alemekezeke. Sindinanene mwachinyengo. Za mnyamata wa pa tala uja sindinamve kuti zinatha bwanji.

Kuchokera apo tinatsata njanji. Miyala ya m'njanji inamaliza mapazi aja. Pena ankakwawa, pena ndinkawakoka, pena ndinkawatukwana. Anthu okumana nafe ankapatuka okha, ena ankagwira pakamwa. Tinagonanso panjira, pakhonde la sukulu yotseka. Tsiku lachitatu m'mawa tinawoloka Rivirivi. Munalibe madzi, munali mchenga ndi maenje amene azimayi ankakumba kufuna otunga. Mfuti zinali zitasiya kumveka kuyambira dzulo lake.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankakhala chikamwini ku Utale. Khutu lawo lamanzere linali logontha. Analigonthetsa ndi wa jombo pamsika wa ku Balaka, ndi khofi limodzi, chifukwa anaiwala khadi m'malaya ena. N'chifukwa chake amayi anawabisira za kampu zaka zitatu, ankati Laisoni ali ku esiteti ya fodya. Zimenezi ndinkazidziwa. Kutopa kunandiiwalitsa.

Tinawapeza akusema mpini pabwalo. Atazindikira kuti wofundayo ndi mphwawo, anataya kasemasema. Anayang'ana manja, anayang'ana mapazi, n'kugwira kumutu. "Mayo ine, mwana wa mlongo wanga! Esiteti yakuchita chotere?" Sanathawe. Anathamangira m'nyumba n'kutulutsa mphasa yawo yogonera, anaiyala pamthunzi, ndipo anawagwira m'khwapa ndi manja awo kuwakhazika. Anaitana akazi awo kuti aphike phala la gaga limene linatsala. Anati tisaope, matendawa amachira, mawa m'mawa awabereka okha kupita nawo kuchipatala, ndipo adzakhala pakhomo pomwepo mpaka atachira, anene anthu zimene anene.

Masiku atatu ndinali ndisanamve mawu okoma. Mtima unagwa pansi, pakamwa panatseguka pokha.

"Iyayi amalume, musalire. Si khate. Ndi matuza chabe. Anali kukampu, ndiye tavula jombo kuti anthu asawadziwe."

Anatembenuza mutu kuti amve ndi khutu labwino. "Wati anali kuti?"

Ndinabwereza. Kupusa kwanga, ndinabwereza mokweza.

Amalume anawerama n'kugwira nsonga ya mphasa. Achimwene anasendera pa dothi, ndipo amalume anaipinda bwinobwino n'kuiika m'khwapa.

"Akanakhala wakhate ndikanamusunga," anatero. "Iwe Agata ukhoza kutsala. Uyu, phala likamapsa ndisamuone. Ndikamuona ndiitana anthu ndekha."

Phalalo sitinadye. Sindinatsale. Amalume sindinawayankhulenso mpaka imfa yawo, koma ndikamakula ndimalephera kunena kuti analakwa pati.

Kunalibe kwina kopita. Tinatsata njira imene aliyense ankatilozera chiyambire pamjigo paja. Pafupi ndi chipatala panali kamudzi ka anthu amene anachira khate koma kwawo anakanidwa, ena anangochita manyazi kubwerera. Ankalima timinda tawo, ankaweta nkhunda. Njala inaliponso kumeneko. Titalowa palibe anapatuka. Mayi wina anatipatsa madzi m'chikho chimene ankamwera yekha.

Pansi pa mtengo wa bwemba panali bambo wodula nsapato za matayala. Ankatchedwa Che Bwanali. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala ziwiri, lamanzere zitatu, ndipo mpeni ankaumangirira kudzanja ndi lamba. Ntchito yawo inali mapazi, ankapangira nsapato odwala onse a pamenepo. Anatikodola. Anauza achimwene kuti akhale pa tayala, ndipo anamasula nsanza zija osanyansidwa. Anatembenuza phazi, analibaya pang'ono ndi msomali. Achimwene analumpha.

"Wakhate salumpha," anatero Che Bwanali. Anayang'ana chidendene, pamene chikopa chinasiya mzere wake. "Izi ndi jombo."

Ndinayang'ana kumene tingathawire, koma munthu wanga sakanayendanso ndi mapazi khumi omwe. Che Bwanali anamasula manja aja, anawongola zala chimodzichimodzi, akuwerenga. Zinakwana khumi.

Anati a jombo amawadziwa bwino. Tsiku lina kunkabwera akuluakulu a boma kudzaona chipatala, ndipo a jombo anawathamangitsa onse a m'kamudziko kukabisala kuthengo tsiku lathunthu, kuti alendo asaone zonyansa. Anawakusa ndi nsungwi zazitali poopa kuwakhudza. Ananena zimenezi akuyang'ana achimwene m'maso. Achimwene anazolika.

"Walahi, sindikukonda," anatero. "Koma ine kukoka ulusi kumandivuta, ndipo kuno sikubwera munthu wa chibonga. Ukachira mapazi uzidula matayala. Ukadzakweza mawu pa munthu wa pano, ndidzakuperekeza ndekha kumsewu."

Anawatsuka zilonda ndi madzi amchere. Ine anandipatsa mbatata imodzi yootcha, ndinaidya ndi makoko omwe. Ndinagona masiku awiri m'nyumba ya mayi uja anatimwetsa m'chikho chake, lachitatu ndinauyamba wobwerera. Achimwene anandiperekeza ndi maso ali pa tayala paja. Anati, "Chemwali, za pamzere paja." Ndinawauza kuti asiye, dzuwa likukwera.

Nyumba yathu ndinaipeza ili chiimire. Anthu aja atafika ndi moto, amayi anakwawira pakhomo n'kuwauza kuti Laisoni kukampu anachotsedwako kale, akudwala, ndipo mlongo wake wapita naye kwa amalume ake ku Utale. Amayi ankangonena bodza loti nyumba ipulumuke. Atamva dzina la malowo anthu anamaliza okha nkhaniyo. Ana a Nangondo anazimitsa muuni, ati Mulungu walanga kale. Nditafika ndi siketi yong'ambika n'kusimba za panjira, amayi anaseka koyamba m'miyezi yambiri, kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti zikhale choncho. Pamjigo ndowa yanga inayamba kuikidwa payokha.

Kampu itatsekedwa, kathumba ka ufa kanasiya kubwera. Timbale ta anansi tinasiyanso kubwera. Amayi anamwalira chimanga chisanakhwime, miyendo itatupa mpaka m'chiuno. Achimwene sanabwere kudzaika. Ndine ndinawatumizira mawu kuti asayerekeze.

Adzukulu anga amandifunsa ngati zinali bwino kuti a jombo athetsedwe. Zinali bwino. Bwenzi atathetsedwa kale, msana wanga usanang'ambike. Atati tivotenso lero, ndikhala woyamba pamzere. Chimene chimandiwawa n'china. Patapita chaka, anzawo a achimwene anayamba kubwerera m'midzi mmodzimmodzi. Anthu anawanyoza mwezi umodzi n'kuiwala. Amene anandikwapula uja ndinadzamuona pa Ulongwe atakwera pa lole ya chipani chatsopano, atavala malaya a mtundu wina, chikwanje chili m'manja, azimayi omwe aja akumuimbira nthungululu. Asa! Iye anangosintha malaya.

Achimwene sanathe kubwerera. Wa jombo anthu anamukhululukira, koma wakhate ayi. Tikanati tiulule kuti linali bodza, ana a Nangondo anali pomwepo, ndipo ena m'mudzimo anali atayamba kale kunong'ona kuti munthu wodwala khate sakhala ndi masaya otero. Achimwenenso sanafune. Anadula matayala zaka zoposa makumi awiri, anakwatira mwana wa mayi uja anatimwetsa m'chikho chake, anabereka ana atatu. Ndinkapita kukawaona kamodzi pachaka, nthawi yokolola. Sindinawamvepo akukweza mawu.

Anamwalira ndi chifuwa, mwezi wa dzuwa. Tinaika konko ku Utale. Manda anakumba ndi anthu a zala zosakwana, ndipo anakumba bwino. Uthenga kwathu ndinatumiza msanga, ndipo mkamwini wanga anapita ndi lole kukaima pa tchalitchi kuti atenge aliyense wofuna kudzalira. Anadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Loleyo inabwera ndi dalaivala yekha. Ena anaopa khate. Ena ankadziwa bwinobwino kuti achimwene sanadwalepo khate.